Kakhasu Kanga ndi Mkodzo wa Mkamwini

Bwerani mudzaone chimbudzi changa, anthu inu, bwerani! Cha njerwa zootcha, njerwa zofiira psuu, chitseko cha matabwa, pamwamba lata. Kuno kwathu kumtunda kwa Namitambo nkhalamba zinzanga zimapita m'tizimbudzi ta udzu, mphepo ikawomba zonse zili poyera, koma ine ndikalowa ndimatseka, ndimakhala, ndimayimba. Njerwa zimenezi anaumba ndi mkamwini wanga. Sanaumbire ine, ayi. Ankafuna kumanga golosale pa malo a mayi anga, pamene panali mango paja. Lero iye ali kwawo, ine ndili pano, njerwa zili pano. Lululu!

Ndiyambe ndi impso, chifukwa popanda impso nkhaniyi siyenda. Sukulu ine ndinangoinunkhiza, zilembo zanga zimatsimphina, koma za impso ndimadziwa, ndipo ndinazidziwira pansi pa bedi.

Malemu amuna anga anagonekedwa ku chipatala cha mishoni nthawi ya chiperoni, ine n'kukhala gadiyani wawo, wophika, wochapa, wogona pa simenti. Anawaika kapaipi, kapaipiko kankatsikira m'thumba la pulasitiki lolendewera pansi pa bedi. Ntchito yanga inali yoyang'ana thumbalo ndi kukataya likadzaza. Ndipo linkadzaza, amayi inu, linkadzaza! Mkodzo woyera mbee ngati madzi a pa mjigo, m'mawa mbee, masana mbee, koma mwini wake milomo gwaa, akungolira ludzu.

Ine ndinasangalala. Ndinauza anesi kuti, "Taonani, bambowa ayera m'kati, matenda atha."

Anesiwo anali mayi wonenepa wa mawu aakulu, kwawo cha ku Njuli. Anandiyang'ana, n'kukhala pa bedi lopanda munthu.

"Mayi, chidulo mumapanga?"

"Funso limenelo? Nanga therere ndingaphike ndi chiyani?"

"Mukathira madzi pang'ono pa phulusa, chimadontha chotani?"

"Chofiirira, chaukali, choluma lilime."

"Mukathira ambiri?"

"Chosukuluka, cha aulesi."

"Mkodzonso ndi choncho. Zoipa zochoka m'magazi ndi zomwezo, chosiyana ndi madzi amene impso yalola kuti apite nazo."

Anandiuza kuti impso zilipo ziwiri, kumsana kuno, m'munsi mwa nthiti. Magazi onse amadutsa pamenepo. Impso imasefa, imasefa, tsiku limodzi madzi oti n'kudzaza pafupifupi mgolo. Ndinati, "Bodza, anesi, mgolo? Bwenzi tonse titasamukira kuchimbudzi." Iwo anaseka, anati nzeru yake ndiye ili pamenepo: imataya kaye, kenako n'kulandanso. Madzi aja akasefedwa amalowa m'timipaipi tating'ono ngati tsitsi, timene timatsika pansi n'kukhota kubwerera m'mwamba. Pansi penipenipo impso imasungapo mchere wambiri. Mukathira mchere pa nkhaka yodula, simuona madzi akutuluka okha? Mchere womwewo ndi umene umakoka madzi m'timipaipimo, kuwabweza m'magazi. Ndipo munthu akauma ndi ludzu, m'mutu mumachoka uthenga wopita ku impso: tsekula tizitseko, bweza madzi, kunja kwaipa. Impso imabweza, imabweza, mkodzo n'kutsala pang'ono, wakuda, wonunkha. Akamwa mokwanira uthengawo umaleka, tizitseko n'kutsekeka, mkodzo n'kuchuluka, woyera.

"Impso za bambowa zatopa," anatero anesi. "Uthenga ukufika, woyankha palibe. Madzi akungodutsa."

"Nanga mkodzo ukada kwambiri?"

"Ndiye kuti impso ikulimbana yokha ndi chilala. Mukaisiya choncho nthawi yaitali, mchere umagwirana n'kukhala timiyala, mwinanso impsoyo imauma n'kuleka ntchito. Ndipo mowa, mayi, mowa umautseka pakamwa uthenga uja. Woledzera amakodza madzi amene thupi likuwalirira."

Bambo aja anatisiya mvula isanagwe. Ndinabwerako ndi bulangete lawo ndi nzeru ya mkodzo. Bulangete linatha, ndinaduladula zopondera. Nzeru ndinasunga.

Tsopano mkamwini. Anabwera chikamwini kuchokera kutsidya kwa Nchema, wamtali, wa mano oyera, wodziwa kunyonyomala popereka moni. Malemu ali moyo ankayenda mozemba ngati mphaka. Titangoika maliro, mapewa anakula. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ananditsalira pakhomo, anayamba kudzuka ndi maso otupa. Tsiku lina mkamwiniyo anam'menya khofi pa khutu lakumanzere, khutu linatuluka magazi, ndipo mpaka lero mukamuitanira mbali imeneyo amangopitirira. Ankhoswe anabwera, anadya nkhuku yanga, anati apirire. Achimwene anga, eni mbumba, amene akanamuthamangitsa, ankamwa naye kachasu botolo limodzi. Mwana wanganso ankangoti, "Amayi, asiyeni, ndi bambo wa ana anga."

Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, chimodzi basi: munthu ameneyu achoke pakhomo panga, mwana wanga atsale. Koma mpongozi sakalipira mkamwini. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi, sitilowa chimbudzi chimodzi, tikakumana pa njira wina amapatuka. Ulemu unandimanga manja, ulemu unandimanga pakamwa.

Chimbudzi chawo chinagwa ndi mvula yamphamvu ya chaka chimenecho, ndipo iye anati adzakumba china akatha golosale. Mkazi ndi ana ankalowa changa cha udzu. Iye, poti sangalowe cha apongozi, zazikulu ankapita nazo kukhwawa m'mamawa, kutali kumunsi uko. Zazing'ono ndiye ankangothira kuseri kwa khitchini yanga. Anadula mango wa mayi anga osandifunsa, kuti apeze nkhuni zootchera njerwa, anakumba dzenje pabwalo pomwepo, n'kuyamba kuumba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lowawula nkhuku ili moyo.

Khoma la khitchini linanunkha. Ndikuphika, fungo. Ndikudya, fungo. M'mawa wina ndinatopa nazo, ndinatenga kakhasu kanga ka kudimba ndi phale losweka, ndinapala dothi lonyowalo, ndinaika m'phale kuti ndikataye kudzala. Nditaweramuka, ndinamuona mkamwini ataima pakona pa nyumba yake, chikombole cha njerwa m'manja, pakamwa yasa. Ndinatembenuza nkhope monga mwa ulemu, n'kumapita ndi phale langa. Sindinaganize kanthu.

Dzuwa litapendeka anabwera achemwali anga, mwana wa mayi anga aang'ono, akuseka kuyambira kunjira, akugwira m'mimba.

"Achemwali, mwayamba liti za usiku?"

"Za usiku ziti?"

"Mkamwini wanu wauza anthu onse kumowa. Akuti mwatapa dothi la mkodzo wake, mukupita nalo kwa sing'anga, mukufuna mumumange asakhalenso mwamuna."

"Ine? Wa kolona m'khosi ine?"

"Inu nomwe. Akuti wakuonani ndi maso ake. Akunjenjemera ngati mbuzi ya pa maliro. Pitani mukawauze ankhoswe amutsuke maganizo."

 Ndinayang'ana kakhasu kanga katatsamira pa khoma, kachitsulo kakutha, mpini wosalala. Ndiye ndinamva chinthu chikukwera m'chifuwa muno, chikukwera, chikukwera, mpaka chinatuluka ngati nthungululu.

"Achemwali," ndinatero, "ine sindinamve kanthu. Inunso simunanene kanthu."

Kuyambira m'mawa wotsatira kakhasu kanakhala pa phewa, phale m'manja. Kwa sing'anga sindinapite, mankhwala sindinagwire, mawu oipa sindinanene. Ndinkangoyenda pakhomo panga. Kuno kwathu mukudziwa, tchire kulibe, nyumba pano, nyumba apo, ndipo mwezi umenewu minda ili mbee, mapesi otentha, nandolo wodula, pobisala palibe. Akati apite kuseri kwa nyumba yake, ine ndili komweko, ndikupala udzu womwe kulibe. Akati atsikire ku nthochi, ine ndili ku nthochi, msana ndamupatsa mwaulemu, ndikung'ung'udza nyimbo. Akabwerera kudzenje, ine ndabwerera pakhonde.

Anapeza nzeru. Anatenga botolo la pulasitiki la chakumwa, laling'ono, anamangirira chingwe, n'kumalikoleka pa chitsa cha mango pafupi ndi dzenje lake. Akafuna, ankanyonyomala m'dzenjemo, n'kuthira m'botolo, n'kutseka, madzulo n'kukataya yekha kumtsinje popita kumowa. Dothi langa lisalawe dontho. Koma botolo ndi laling'ono, tsiku ndi lalitali, ndipo kunyonyomala apongozi ali pakhonde ndi manyazi. Ndiye anapeza nzeru yachiwiri, nzeru yokongola, nzeru imene ine sindikanamuganizira. Analeka kumwa madzi.

Madzi a mumtsuko wa pakhomo ankawaopa kale, ankati mwina ndathiramo kanthu. Mkazi wake ankalawirira ku Njuli ndi dengu la matimati, wobwera madzulo. Ndiye munthu ankalowa m'dzenje dzuwa likutuluka, kuponda matope, kunyamula chikombole, kukhuthula, kubwerera, kunyamula, kukhuthula, thukuta chuchuchu kumsana, pakamwa osalowa kanthu. Madzulo kachasu. Kachasu uja wotseka pakamwa uthenga.

Ine pakhonde, maso pa botolo. Dzuwa linkaliwalira bwino pa chitsa paja, ngati analiikira ine.

Poyamba mkodzo wa m'botolomo unali ngati madzi otsukira mbale ya maungu, wachikasu, botolo kufika pakhosi. Kenako unakhala ngati tiyi wopanda mkaka, botolo theka. Ndinati, eya, uthenga wachoka m'mutu, tizitseko tatseguka. Kenako unakhala ngati chidulo choyamba kudontha, chija choluma lilime, ndipo unatsika, unatsika. Ndinkaona ndi maso anga timipaipi tija tikutsika pa mchere, tikukhota, tikufinya, tikubweza dontho lililonse. Ndinapeka kanyimbo kanga kosendera chinangwa:

Bweza, impso, bweza,
kunja kwauma, bweza,
mwini wake wakana, bweza.

Adzukulu anga anakaphunzira, ankakayimba posewera, osadziwa kuti akuyimbira bambo awo. "Anganga, impso n'chiyani?" Ndinkati, "Ndi ndiwo ija imakoma pa mbuzi."

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinatunga madzi mumtsuko wanga wa pamthunzi, ozizira, chikho chodzaza mpaka kutayikira. Ndinayenda mpaka pamene mpongozi amayenera kulekeza, ndinagwada, nkhope kumbali.

"Bambo, dzuwali lanyanya. Timadzi iti."

Anali m'dzenje, matope mpaka m'maondo. Ndinamuyang'ana ndi kona ya diso. Milomo yoyera, yong'aluka. Kholingo linakwera, linatsika. Anayang'ana chikho, anayang'ana kakhasu pa phewa panga.

"Zikomo amayi, ndamwa kale."

"Mwamwa nthawi yanji, bambo? Ine ndakhala pompano."

"M'mawa, amayi. Ndamwa ambiri."

"Oo, chabwino. Ndiye nkhuku zimwe."

Ndinathira madziwo pansi, pang'onopang'ono, tcholololo, dothi likumwa, nkhuku zikuthamangira, zikukweza milomo kumwamba. Iye anayang'ana mpaka dontho lomaliza. Ndinabwerera pakhonde, ndinatunga china, ndinamwa ine, gudyu, gudyu, gudyu, n'kupuma mokweza, aaah! Madzi sanandikomerepo choncho chibadwire.

Madzulo ena mwana wanga anabwera kukhitchini kwanga, dengu asanatule n'komwe.

"Amayi, tandiuzani zoona. Dothi lija munapita nalo kuti?"

"Kudzala. Ukafune, lili pansi pa makoko a chinangwa."

"Ndiye auzeni. Tumani ankolo, achimwene anu aja, akawauze kuti simunachite kanthu."

"Wandifunsa ndani? Munthu akandifunsa ndiyankha. Iye wafunsa kumowa, ayankhidwe kumowa."

"Akudandaula msana, amayi. Akuti pokodza pakuotcha ngati tsabola. Akukodza zofiira."

"Mpatse madzi."

"Akukana! Akuti ngakhale anga mwina mwawagwira."

"Nanga ine nditani, mwanawe, ndimutafunire? Ndinamupatsa ndi manja awiri, nditagwada. Funsa nkhuku."

"Amayi, mukuseka?"

"Ndi utsi."

Anatula dengu, anakhala pa mtondo, n'kuyamba kulira. Ndinapita mbali ya kumanzere kwake, ku khutu lakufa lija, ndinanena chapansipansi kuti, "Ndikukulirira ine, iwe ukulirira iye." Sanamve. Sanatembenuke n'komwe. Ndinati, basi, yankho ndi limenelo, kakhasu sikatsika pa phewa.

Njerwa zinakwana, anazipanga uvuni, anasonkha moto ndi mango wa mayi anga. Kuotcha njerwa ndi ntchito ya moto kutsogolo, dzuwa kumsana. Botolo pa chitsa linali ndi timadzi pansi penipeni, ta mtundu wa msuzi wa nyemba zofiira. Ndinati, impso iwe, wabweza zonse, tsopano ubweza chiyani?

Uvuni usanazizire, tsiku lina masana, ndinamva mfuu. Sinali mfuu ya munthu wamkulu, inali ya nkhumba ikamangidwa miyendo. Ndinatuluka. Anali pansi pafupi ndi uvuni, akugubuduka m'phulusa, dzanja m'nthiti, akusanza zopanda kanthu. Akati agone chagada, ayi. Akati apinde maondo, ayi. Munthu wamtali uja, wa khofi wophulitsa khutu uja, akuitana mayi ake, mayo, mayo, mayo! Amuna a nyumba zoyandikana anathamanga, wina anakaitana wa kabaza ya njinga yamoto, wina anathamangira mkazi wake ku Njuli. Pomunyamula, mmodzi anagunda chitsa, botolo linagwa, linagubudukira kumapazi kwanga.

Ali m'malere, ali m'manja mwa anthu, ululu wonsewo, anatukula mutu. "Botolo! Tengani botolo! Asatole!"

Ndinabwerera m'mbuyo mwaulemu. Ndinagwira pakamwa ndi nsalu. Anthu anati mayiyu akulira.

M'mawa mwake ndinaphika phala, ndinavala nsalu yanga yabwino, ndinanyamuka wa ku mishoni kukazonda mkamwini, poti ndi mwambo. Wodi yomwe ija ya amuna, fungo lomwe lija la mankhwala okolopera. Anali pa bedi la pawindo, diripi ku dzanja, kapaipi, thumba pansi pa bedi. Maso anga anapita pa thumba asanapite pa munthu. Linali lafulati, pansi pake timadzi takuda. Mwana wanga anali pambali pake, maso otupa, ulendo uno ndi misozi yokha.

Ndinakhala pa simenti pafupi ndi chitseko, nkhope kukhoma. Adokotala anafika, mnyamata wa magalasi, n'kumamufunsa.

"Bambo, kamwala katseka njira ya mkodzo, ndipo impso zanu zauma. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaumba njerwa."

"Dzuwa limeneli? Madzi mumamwa?"

Mkamwini anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Bambo, ndati madzi mumamwa?"

"Adokotala, ine andilodza."

"Wakulodzani ndi dzuwa ndi kachasu. Impso zanu zakhala zikukupemphani madzi, inu osamva. Mkodzo ukada choncho ndi kulira kwake kumeneko. Tikuthirani madzi m'mitsempha, tione ngati zidzuke."

Ine kukhoma kuja ndinkavomera ndi mutu, eya, eya, ngati ku ulaliki.

Anathira mabotolo a diripi, lina likatha lina. Ndinkabwera m'mawa uliwonse ndi phala, phala limene sanalawe ngakhale kamodzi, ankadya a pa bedi loyandikana. Thumba linayamba kudzuka. Msuzi wa nyemba unakhala chidulo, chidulo chinakhala tiyi. Kamwala akuti kanatuluka, kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene kanagubuduza chimunthu chonsecho m'phulusa. Mtima wanga unayamba kugwa. Ndinati, achira uyu, abwerera, golosale imangidwa, khutu lakumanja nalo lipita.

Ndiye linafika tsiku langa. Mwana wanga anali atatuluka kukaphika ku khitchini ya magadiyani. Thumba linali litadzaza ndithu. Analowa nesi wachitsikana, sanali mayi wonenepa uja, uyu sankatidziwa.

"Gadiyani wa bambo awa ali kuti? Mkodzo uwu ukatayidwe, ndalemba kale."

Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uku. Ndinadzuka, ndinamanga nsalu bwinobwino.

"Ndilipo, anesi."

Ndinatenga beseni, ndinayenda chowerama, ndinagwada pafupi ndi bedi, pafupi kuposa mmene ndinayandikirapo mkamwini chikwatire mwana wanga. Ndinatambasula dzanja.

"Asagwire!" Anadzuka ndi diripi yomwe, chitsulo chokolekapo chinagwedera. "Anesi, mayi awa asagwire! Andimaliza! Asagwire!"

"Bambo, gonani, muzula singano. Si mayi anu awa?"

"Ndi apongozi anga! Mkodzo wanga asagwire!"

Wodi yonse inatukula mitu. Mkulu wina wa pa bedi loyandikana, uja ankadya phala langa, anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mkodzo womwewu mukuumira ngati mafuta ophikira? Apatseni, mwina akufuna akathire ku mpiru."

Ine chigwadire, nkhope kumbali, mawu ofewa ngati a mwana wa kwaya. "Bambo, musavutike mtima, ndingokatayira. Ine ntchito imeneyi ndinaizolowera. Wa malemu apongozi anu ndinkataya ndine, wodi yomwe ino."

Ndinanena zoona zokhazokha. Pali bodza pamenepo? Koma ndinamva bedi likunjenjemera. Anagona chagada, maso kudenga, milomo ikuyenda. Ndinamva akunong'ona, "Ndipo anamwalira."

"Eya, bambo," ndinatero. "Anamwalira."

Thumba sindinaligwire, nesi anandiuza kuti ndidikire panja. Ndinatuluka, ndinakhala pansi pa mtengo wa pabwalo la chipatala, miyendo tambalale, ndinayimba kanyimbo kanga mpaka amayi ena anandifunsa ngati wodwala wanga watulutsidwa.

Tsiku lomwelo mkamwini anatumiza uthenga kwawo. Anabwera amalume ake ndi mlongo wake, nkhope zolimba, moni wa pakamwa pokha. Atatulutsidwa sanadzere n'komwe pakhomo panga. Anam'kweza njinga yamoto kuchokera pa chipata cha chipatala, molunjika kutsidya kwa Nchema. Zovala zake anadzatenga mlongo wakeyo, ndipo anaima kunjira, sanaponde bwalo, madzi anakana. Ankhoswe anayenda, anabwera, anayenda. Iye anati pakhomo pa mfiti saponda, mkazi ngati akumufuna amutsatire. Achimwene anga, kachasu waulere atatha, anakumbukira kuti ndi eni mbumba, anati mwana wathu sachoka pa malo a makolo ake, ana ndi athu, munda ndi wathu. Mwana wanga anamanga katundu, anamasula, anamanganso. Anayang'ana ana, anayang'ana munda wolimalima kale, mvula ili pafupi. Anamasula.

Anatsala! Mwana wanga anatsala, khutu lakumanja lili lamoyo, maso saatupanso. Lululu, anthu inu, lululu!

Za iye timangomva. Akuti impso zinadzuka koma osati zonse, mapazi amatupa, amapitapita ku chipatala chachikulu ku Blantyre, khasu sakweza. Akuti amayenda ndi chigubu cha madzi paliponse, ngati mwana ndi chidole. Wachedwa, bambo, wachedwa! Ndinakupatsa ndi manja awiri.

Uvuni unakhala pabwalo dzinja lonse, udzu unamera pamwamba. Palibe anabwera kudzaufunsa, ndani angatenge njerwa za pakhomo pa mfiti? Mvula itatha ndinaitana mmisiri, anakumba, anamanga, anafolera. Njerwa zake zinapsa bwino, zimenezo ndiye ndimuyamikira, mukazigogoda zimalira ngwee.

Mwana wanga salowamo. Anakumba chake kuseri kwa nyumba yake, cha udzu, ndi manja ake. Amaphika payekha. Moni amandipatsa, ndikadwala amanditumizira phala ndi ana, koma ndikayamba kulankhula amatembenuka, amandipatsa khutu lakumanzere. Tsiku lina ndinamuzungulira, ndinafika ku lamoyo, ndinati, "Mwanawe, chimbudzi chabwino chili apa, ukuvutikiranji ndi udzu?" Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, anati, "Amayi, inu munkadziwa tanthauzo la mtundu uja." Ndinati, "Ndinkadziwa." Anatola ndowa yake, n'kumapita kumjigo.

Apite, abwera. Akuyenda ndi miyendo yake, mutu uli chilili, palibe womudikira ndi khofi. Ine m'mawa ndimadzuka, ndimatunga chikho chodzaza, gudyu, gudyu, china, gudyu, gudyu. Impso zanga sizibweza ndi misozi, zimabweza mokhuta, zotsala zimataya. Ndikatero ndimadutsa pa chitsa cha mango, chaphukira tsopano, timasamba tofiira, ndimatsekula chitseko changa cha matabwa. Kakhasu ndinakakoleka m'katimo, pa msomali, kumanja. Ndimakhala, ndimayimba, ndipo ndikasuzumira, mbee, anthu inu, mbee ngati madzi a pa mjigo.